Mutu waching'alang'ala ukumutha nzeru mwana wanga?

Mayi wina watilembera uthenga uwu: "Adokotala, ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 15, ali ku sekondale. Chiyambire ali wamng'ono anali wakuthwa mutu, mkalasi sankasowa pa ana oyambirira. Koma chiyambireni kudwala mutu chaka chathachi zinthu zasintha. Umamugwira kanayi kapena kasanu pamwezi, amasanza, safuna kuwala olo phokoso, amangodzitsekera kuchipinda. Kuchipatala anati ndi mutu waching'alang'ala. Chikundisowetsa mtendere n'choti malikisi atsika, akuiwalaiwala, akuti akamawerenga sizikulowa, ndipo tsiku lina anandiuza akulira kuti amayi ine ndapusa. Inenso ndimadwala mutu womwewu kuyambira pa utsikana wanga. Kodi matendawa amawononga ubongo? Nzeru zake zidzabwerera? Ndikamuyezetse IQ kapena ndikamujambulitse sikani? Bambo ake akuti ndi ulesi chabe ndi foni."

Mayi, zikomo polemba, ndipo pepani ndi mwanayo. Ndiyambe ndi chomwe chikukusowetsani tulocho. Mutu waching'alang'ala sudya nzeru za mwana. Zomwe anaphunzira zilipo, ubongo wake sukuwonongeka, ndipo mutu womwe unkakhoza mayeso uja ndi womwewo ali nawo lero. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuona achinyamata a msinkhu umenewu, madandaulo ngati a mwana wanuwa ndawamva kambirimbiri moti ndikangoona mtsikana akulowa atazyolika, mayi ake ali pambuyo ndi lipoti la kusukulu m'manja, ndimadziwiratu komwe nkhani ikulowera. Komatu sindikunena kuti mwanayo akunama kapena akungodzimvera chisoni ayi. Kuiwalaiwalako n'koona, kusalowa kwa zowerengako n'koona, malikisi nawo mwawaona nokha. Chofunika n'kudziwa chikuchititsa, chifukwa chikadziwika zambiri zimakonzeka.

Sali yekhanso. Mwa achinyamata khumi aliwonse, pafupifupi mmodzi ali ndi mutu umenewu. Ana akadali aang'ono anyamata ndi atsikana amadwala mofanana, pena anyamata n'kuposako pang'ono, koma akangotha msinkhu atsikana ndi amene amachuluka, moti pofika ukulu azimayi amakhala pafupifupi atatu pa bambo mmodzi. Zoti inunso mumadwala sizikundidabwitsa, matendawa amayenda m'magazi, ana ambiri omwe ndimawaona ndikafunsa bwinobwino pamapezeka mayi, agogo kapena azakhali odwala mutu. Musadziimbe mlandu. Ine ndimaona ngati ndi mwayi wa mwanayo kuti m'nyumbamo muli munthu woudziwa ululuwo.

Tsopano tiwerenge masiku, chifukwa apa ndi pamene makolo ambiri ngakhalenso aphunzitsi amaphonya. Anthu amawerenga maola omwe mutu ukugunda basi, mwana akasiya kusanza n'kudzuka amati wachira, tiye kusukulu. Koma mutu umenewu umayamba ululu usanafike ndipo umatha ululu utapita kale. Kutatsala maola angapo, pena tsiku lathunthu kapena awiri, mwana amayamba kuyasamula pafupipafupi, kutopa popanda chomwe wagwira, khosi kuuma, kupsa mtima pa zazing'ono, kulakalaka zotsekemera, ndipo maganizo sakhala pamodzi, akuwerenga mzere womwewo katatu osamva kanthu. Kenako umabwera ululu weniweniwo, womwe kwa akuluakulu umatenga maola 4 mpaka 72, kwa ana osafika zaka 18 ungathe kukhala waufupi kuyambira maola 2, ndipo kwa iwowa nthawi zambiri umagwira mbali zonse ziwiri, pachipumi ndi m'litsipa, osati mbali imodzi yokha ngati mmene anthu anazolowera kumva. Ukatha pamatsalanso tsiku lina, pena awiri, loti thupi lili lende, mutu uli zii ngati munthu sanagone usiku wonse. Ndiye tengani kasanu kanuko muchulukitse ndi masiku atatu, mupeza masiku 15. Theka la mwezi mwanayo akukhala mkalasi kapena pabedi mutu usakugwira bwino, ndipo mayeso sasankha tsiku, amangogwera pomwe agwera.

M'masiku amenewo kuganiza kumachedwadi, ndipo izi anaziyeza. Anthu omwewo akapatsidwa mayeso a kukumbukira, kuwerenga mofulumira ndi kutchera khutu mutu uli mkati, amachita moperewera, koma akawayezanso mutu utatheratu amabwerera mwakale. Ine ndimachita kamayeso kakang'ono m'chipinda changa: ndimatchula manambala asanu, mwana awabwereze chobwerera m'mbuyo. Amene wabwera mutu utangomusiya dzulo amafika pa nambala yachitatu n'kuima, maso kudenga, milomo ikuyenda koma osatuluka mawu, kenako amaseka mwamanyazi n'kuti bwerezaninso. Mwana yemweyo akabwera sabata ina ali bwino amawalakatula osapumira, pena mpaka asanu ndi limodzi. Zili ngati foni yomwe batire latsala pang'ono, imachedwa kutsegula chilichonse ndipo kuwala kumachepa, koma zithunzi ndi manambala onse ali momwemo.

Zomwe zimachitika mkatimo mwachidule ndi izi. Ubongo wa munthu wa ching'alang'ala umamva msanga kusintha kulikonse, kaya kwa tulo, njala, kuwala kapena mahomoni. Ukadzidzimuka, mtsempha waukulu womva za kumaso ndi kumutu wotchedwa trigeminal umatulutsa timadzi tina, kodziwika kwambiri ndi CGRP, tomwe timapangitsa zikutiro za ubongo ndi mitsempha yake ya magazi kumva kuwawa. Ena, pafupifupi mmodzi mwa atatu, amayamba aona aura: timizere tonyezimira tokhotakhota m'maso, mbali ina ya chinthu kusaoneka, dzanzi kuyenda kuchokera ku zala kukafika pamilomo, ngakhale mawu kusokonekera, kwa mphindi 5 mpaka 60. Aura imaopsa kwambiri koyamba, mwana amaganiza kuti wachita sitiroko. Chimayambitsa ndi funde lomwe limayenda pang'onopang'ono pamwamba pa ubongo, mamilimita atatu okha pa mphindi, likuzimitsa kwa kanthawi malo omwe ladutsa. Analifotokoza koyamba ndi Aristides Leão wa ku Brazil mu 1944 akuyeza ubongo wa akalulu. Fundelo likadutsa maselo amadzukanso n'kupitiriza ntchito.

Nanga za nzeru zenizenizo akafukufuku anapeza chiyani? Poyeza nzeru za ana a zaka 6 mpaka 16 amagwiritsa ntchito kwambiri mayeso a Wechsler otchedwa WISC, omwe pakatikati pake ndi 100, ndipo ana ambiri amagwera pakati pa 85 ndi 115. Si nambala imodzi yokha monga anthu amaganizira, muli zigawo: kumvetsa mawu ndi chilankhulo, kuona maonekedwe ndi malo a zinthu, kulingalira pa vuto lachilendo, kusunga zinthu m'mutu kwa kanthawi uku ukuzigwiritsa ntchito, ndi liwiro logwirira ntchito. Achinyamata odwala mutu akayezedwa, IQ yawo, kapena kuti nambala ya nzeru yotuluka pa mayeso otere, imapezeka mmene ya anzawo imakhalira, muli akuthwa kwambiri, muli apakatikati, muli ovutikira, monga kalasi ina iliyonse. Kafukufuku wina wa magulu ang'onoang'ono, wambiri wa ku Italy, anapeza kuti pena amatsalira pang'ono pa za mawu, pa kutchera khutu kapena pa liwiro, koma kusiyanako n'kochepa, kumaoneka ukaphatikiza gulu lonse osati ukayang'ana mwana mmodzi, komanso ana ake anali a kuchipatala cha akatswiri, kutanthauza kuti ndi aja odwalitsitsa, osagona bwino, ena ali pa mankhwala.

Kafukufuku amene ine ndimamudalira kwambiri pa funso lanuli ndi wa ku Dunedin, ku New Zealand. Kumeneko anatenga ana pafupifupi 1,000 obadwa mu 1972 ndi 1973 n'kumawatsatira moyo wawo wonse, kuwayeza mobwerezabwereza kuyambira ali aang'ono. Atafika zaka 26 anaona kuti ndani ali ndi ching'alang'ala, kenako anabwerera kukaona zotsatira zawo zaubwana. Zomwe anatulutsa mu 2002 zinaonetsa kuti gulu limeneli linkatsalirako pang'ono pa kumvetsa mawu olankhulidwa, koma kutsalirako kunalipo kale ali ndi zaka 3, mutu usanayambe n'komwe, ndipo sikunadalire kuti munthu wadwala mutu kwa nthawi yaitali bwanji. Kuwerenga ndi masamu zinali bwinobwino. Tanthauzo lake n'loti si ululuwo umene ukukukuta ubongo chaka ndi chaka. Ku Denmark mu 2005 anayerekeza mapasa achikulire, ena odwala mutuwu kwa zaka zambiri ena ayi, sanapeze kusiyana pa kuganiza. Ku America anatsatira azimayi oposa 6,000 a zaka 65 kupita m'tsogolo, zotsatira za mu 2012 zinaonetsa kuti a ching'alang'ala nzeru zawo sizinkatsika mofulumira kuposa anzawo. Mwinanso mudzamva kapena kuwerenga pa intaneti zoti sikani ya MRI imaonetsa timadontho toyera mu ubongo wa anthu ena odwala mutuwu. Timapezekadi, makamaka kwa azimayi akuluakulu, koma ku Netherlands atawatsatira anthuwo kwa zaka 9 sanapeze kuti timadonthoto tikugwirizana ndi kutsika kwa nzeru. Inuyo nomwe ndinu umboni, mwadwala kuyambira utsikana koma kalata yanu mwailemba yolongosoka kuposa zambiri zomwe ndimalandira.

Ndiye malikisi atsikiranji? Lipoti la kusukulu siliyeza nzeru zokha, limayezanso kuti mwana analipo mkalasi masiku angati, anagona bwanji, ndipo tsiku la mayeso mutu unali bwanji. Choyamba ndi maphunziro omwe anamudutsa. Phunziro ngati mbiri yakale ukajomba ukhoza kukopera manotsi n'kupeza anzako, koma masamu ndi sayansi zimamangidwa china pamwamba pa chinzake, ukaphonya sabata yomwe ankaphunzitsa poyambira pake, zonse zobwera pambuyo zimamveka ngati chilankhulo chachilendo, ndiye mwana amaganiza kuti mutu wafa pomwe pangosowa kachidutswa kamodzi komwe palibe anamubwerezera. Taonani lipotilo bwinobwino, ndikukhulupirira mupeza kuti sanatsike mofanana paliponse.

Chachiwiri ndi tulo, ndipo apa bambo ake ali ndi kachoonadi, ngakhale za ulesizo ndikukana kwamtuwagalu, mwana waulesi salira chifukwa cha malikisi. Wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10 a tulo. Pa msinkhu umenewu thupi lenilenilo limasuntha nthawi yake, tulo timabwera mochedwa, pomwe belu la kusukulu silisuntha. Onjezanipo foni pansi pa bulangeti mpaka pakati pa usiku, kenako Loweruka kugona mpaka dzuwa lili pamutu kuti abweze ngongole, basi mwapeza zinthu ziwiri pakamodzi: mutu ukuyamba pafupipafupi chifukwa ubongo wa ching'alang'ala umadana ndi nthawi yosinthasintha, komanso zomwe wawerenga masana sizikukhazikika poti ubongo umasunga bwino zophunzira munthu ali mtulo. Palinso ana akhama amene malikisi akatsika amayamba kudzuka usiku kuti awerenge, khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu zili pambali, amenewa amandimvetsa chisoni kwambiri chifukwa khama lawo lomwelo ndi limene likuwadwalitsa.

Chachitatu ndi mankhwala, ndipo simunandiuze kuti akumwa chiyani. Mapiritsi opha ululu akamwedwa pafupipafupi amayamba kuyambitsa okha mutu. Malire omwe bungwe la International Headache Society linaika ndi awa: paracetamol, ibuprofen kapena aspirin masiku 15 kapena kuposa pamwezi, ndipo ma triptan (mankhwala apadera a ching'alang'ala), komanso mankhwala okhala ndi codeine ndi aja osakaniza mitundu ingapo m'piritsi limodzi masiku 10 kapena kuposa, kwa miyezi yoposa itatu. Zikafika apo mwana amadzuka ndi kamutu kolemera tsiku ndi tsiku, n'kumwanso piritsi, n'kumangozungulira pomwepo. Tsegulani chikwama chake cha kusukulu muone, osati momukalipira, ambiri amamwa ochuluka kuposa mmene makolo amadziwira, ena amapatsana ndi anzawo.

Ndiye pali mankhwala oteteza, omwa tsiku lililonse kuti mutu uzibwera patalipatali. Topiramate, yemwe ku America anavomerezedwa mu 2014 kwa a zaka 12 mpaka 17, amadziwika bwino kuti kwa ena amachedwetsa kuganiza ndi kusowetsa mawu. Ndinaonapo mnyamata wina wolongolola kwambiri yemwe atayamba mankhwalawa ankati akafuna kunena supuni, dzanja n'kumazunguza m'mwamba ngati akutakasa, akuti chija, chijachi, chodyera chija, mawu ali pamlomo koma osatuluka, ndipo aphunzitsi anali atayamba kale kunena kuti mwanayu wasokonekera. Titachepetsa mankhwalawo pang'onopang'ono mpaka kusiya, kulongolola kunabwerera konse. Amitriptyline naye amagonetsa, mwana amawodzera pa phunziro loyamba la m'mawa. Ngati kuiwalaiwala kwa mwana wanu kunayamba kapena kunakula atayamba mankhwala ena ake, kawauzeni adokotala ake msanga, koma musamusiyitse nokha mwadzidzidzi.

China chomwe sichioneka pa lipoti ndi nkhawa. Achinyamata a ching'alang'ala nkhawa ndi kukhumudwa zimawapeza kwambiri kuposa anzawo, ndipo n'zomveka, munthu sudziwa kuti mutu ukugwira liti, kaya pa mayeso, kaya pagulu usanze anzako akuona. Mwana amene theka la maganizo ake likulondera kuti kodi kamutu aka ndi komwe kaja, sangamve zomwe aphunzitsi akunena. Kenako akadzitcha wopusa amasiya kukweza dzanja, amasiya kufunsa, malikisi n'kutsikadi, iye n'kuti mwaona. Mawu amene anakuuzani akulira aja musawatenge mopepuka. Mufunseni pa awiri, modekha, za mmene akumvera mumtima, za anzake, ngati pali amene akumuvutitsa, ndipo akatchula zofuna kudzivulaza kapena kuti moyo watopa nawo, limenelo ndi la tsiku lomwelo kuchipatala, osadikira.

Pali tina tating'ono toyenera kungoyeza n'kuchotsa panjira. Kuchepa kwa magazi chifukwa chosowa ayironi n'kofala kwa atsikana omwe amataya magazi ambiri akamasamba, ndipo kumabweretsa kutopa, mutu ndi kusakhazikika maganizo, kuyeza kwake n'kosavuta. Maso nawo ayezedwe ngati amatsinzinira poona pa bolodi. Vuto la kusatchera khutu lotchedwa ADHD limapezekanso mochulukirako mwa ana a ching'alang'ala, koma limenelo limaoneka kuyambira ubwana, mwana wanu amene ankachita bwino mpaka chaka chatha sindikumuganizira kwenikweni.

Chochita choyamba, ndipo n'chaulere: kalendala. Kwa miyezi iwiri kapena itatu azilemba yekha, osati inu, tsiku lomwe mutu wabwera, unatenga maola angati, anamwa chiyani ndipo nthawi yanji, anagona nthawi yanji dzulo lake, anadya m'mawa kapena ayi, masiku a msambo, komanso masiku omwe wajomba kapena anapita koma osamva kanthu. Aikenso kachizindikiro pa masiku omwe mutu unali mbee, akuganiza bwino. Kachizindikiro kameneka n'kofunika kwambiri pa funso lanu, chifukwa ngati pa masiku abwinowo ali wakuthwa monga kale, mwayankhidwa. Kalendala imaululanso zinthu zomwe munthu sungazione, wina mutu wake umapezeka kuti ndi wa Lolemba lililonse, wina wa masiku awiri asanayambe kusamba, wina wa tsiku lomwe amathamanga padzuwa osamwa madzi. Koma musachite kumuletsa zakudya zambirimbiri poganiza kuti ndi zomwe zikuyambitsa, nthawi zambiri kudumpha chakudya ndi kumene kumavuta kuposa chakudyacho.

Mutu ukayamba, mankhwala amwe msanga, mu ola loyamba ululu usanakhwime, osati kupirira mpaka ayambe kusanza chifukwa pamenepo m'mimba simulandiranso bwino. Malangizo a madokotala a ubongo a ku America a mu 2019 amaika ibuprofen patsogolo kwa ana ndi achinyamata, mlingo wake umayendera kulemera kwa thupi, pafupifupi mamiligalamu 10 pa kilogalamu, paracetamol 15 pa kilogalamu, ndipo awa akakanika pali ma triptan monga sumatriptan, rizatriptan ndi zolmitriptan omwe dokotala angalembe. Mlingo weniweni akuuzeni amene wamuyeza mwanayo, makamaka ngati ali ndi zilonda za m'mimba, mphumu kapena vuto la impso. Aspirin kwa mwana wosafika zaka 16 ayi, chifukwa cha matenda oopsa a chiwindi ndi ubongo otchedwa Reye. Ndipo mapiritsi anu musamugawire.

Za mankhwala oteteza ndili ndi maganizo anga, ndipo ndiwanena. Mu 2017 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa CHAMP, wa ana a zaka 8 mpaka 17. Ena anapatsidwa amitriptyline, ena topiramate, ena mapiritsi opanda mankhwala aliwonse. Omwe masiku awo a mutu anatsika ndi theka anali 52 pa 100 alionse a amitriptyline, 55 a topiramate, ndi 61 a mapiritsi opanda kanthu aja, moti kafukufukuyo anamuimitsa asanathe, ndipo zovuta zobwera ndi mankhwala zinachuluka kwa omwe ankamwa enieniwo. Sizikutanthauza kuti mutu wa ana ndi wongoganizira ayi, koma kuti ana ambiri amapeza bwino akamaonedwa pafupipafupi, kulangizidwa za tulo, madzi, chakudya ndi masewera, n'kumathandizidwa msanga mutu ukayamba. Gulu la akafukufuku a ku Cincinnati, ku America, lomwe linatsogolera CHAMP, mu 2013 linaonetsanso kuti achinyamata odwala mutu masiku ambiri pamwezi, akaphunzitsidwa njira za uphungu zotchedwa CBT pamwamba pa amitriptyline, 66 pa 100 anapeza bwino ndi theka, poyerekeza ndi 36 mwa omwe pamwamba pa amitriptyline anangophunzitsidwa za mutu. Choncho kwa mwana amene dandaulo lake lalikulu ndi kuganiza, ine sindithamangira piritsi lomwe lingamuchedwetsenso kuganizako. Alipo amene amafunikadi mankhwala oteteza, makamaka mutu ukamafika masiku 15 pamwezi kapena sukulu ikaimiratu, koma zikhale zokambirana, mukudziwa ubwino ndi kuipa kwake.

Poti ndi mtsikana ndionjezere ziwiri, musakhumudwe nazo, ndi za m'tsogolo. Topiramate ndi mankhwala ena oteteza otchedwa valproate amatha kuvulaza mwana wosabadwa, ndiye dokotala aliyense wolembera mtsikana mankhwalawa ayenera kuikamba nkhaniyi. Ndipo ngati amaona aura, mapiritsi olera okhala ndi homoni ya estrogen ndi oletsedwa kwa iye chifukwa amakweza chiopsezo cha sitiroko, adzazikumbukire akadzakula, inunso ngati mumaona aura zikukukhudzani.

Kusukulu pitaniko nokha mukaonane ndi aphunzitsi ake, ndi kalata ya kuchipatala ngati ingapezeke. Zopempha zake si zazikulu: aziloledwa kumwa mankhwala ndi madzi mutu ukangoyamba, apeze malo amdima pang'ono oti agoneko ola limodzi n'kubwerera mkalasi m'malo motaya tsiku lonse, akajomba apatsidwe manotsi ndi wina womubwerezera makamaka masamu, ndipo mayeso akagwera pa tsiku loipa pakhale njira. Koma samalaninso mbali inayi, kumusunga kunyumba pa kamutu kalikonse kumavulaza, mwana akakhalitsa kunyumba kubwerera kumamuopsa, nkhawa imakula, mutu nawo umakula. Powerenga aziwerenga pang'onopang'ono tsiku lililonse, mphindi 30 n'kupumako, zovuta azizisungira masiku omwe mutu uli mbee, m'malo mounjika zonse usiku woti mawa mayeso.

IQ ija, pakadali pano ndingati dikirani. Mukamuyeza panopa, asakugona bwino, ali ndi nkhawa, mwinanso mutu utangomusiya, zigawo za liwiro ndi kusunga zinthu m'mutu zituluka zotsika, nambala yonse n'kutsika nayo, ndiye mwana amene akudzikayikira kale mwamupatsa pepala loti azilozapo. Kuyezako kumathandiza mutu ukachepa, tulo tikakonzeka, miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yadutsa koma kusukulu zikuvutabe, kapena ngati mukakumbukira bwino panali vuto la kuwerenga kapena kutchera khutu kuyambira kale lomwe linkabisika chifukwa cha khama. Pamenepo apite kwa katswiri wa zamaganizo woyeza ana, pa tsiku lomwe ali bwino, ndipo mufunse zotsatira za chigawo chilichonse osati nambala imodzi ija.

Sikani nayo si ya mwana aliyense wodwala mutu. Ngati mutu wake ukutsata ndondomeko ya ching'alang'ala, umabwera n'kupita, pakati pake ali bwinobwino, kubanja ulipo, ndipo dokotala wamuyeza mphamvu za manja ndi miyendo, kayendedwe, ndi kuunika mkati mwa maso osapeza vuto, sikani siwonjezera kanthu. Koma pali zizindikiro zomwe sizidikira, ndipo izi muzisunge. Mutu wobwera mwadzidzidzi n'kufika pachimake pa mphindi imodzi, woti sanaumvepo chibadwire. Mutu wobwera ndi kutentha thupi, khosi louma gwa, kapena kusokonekera. Kukomoka kapena kugwa ngati khunyu. Kufooka mbali imodzi, pakamwa kupotoka, kuona zinthu ziwiriziwiri, kuyenda modzandira, kapena aura yopitirira ola. Mutu woyamba atagwa kapena kumenyedwa m'mutu. Mutu womudzutsa usiku kapena wa m'mamawa ndi kusanza, womakula akagona pansi, akatsokomola kapena akadzikakamiza kuchimbudzi, wokhazikika kunkhongo, womwe sabata iliyonse ukuposa yapitayo. Ndipo pa nkhani yathu ino chachikulu ndi ichi: ngati kutsika kwa kuganizako sikukubwerera ngakhale pa masiku opanda mutu, kukungopitirira mwezi ndi mwezi, zolemba zake zasintha, akuiwala zinthu zomwe ankazidziwa bwino, khalidwe lasintha moti mukuona ngati si mwana wanu uja, chimenecho musachiike pa ching'alang'ala, akaonedwe ndi dokotala wa ana kapena wa ubongo mwamsanga ndipo sikani pamenepo ndi yoyenera.

Popita kuchipatala tengani kalendala ija, mapaketi a mankhwala onse omwe akumwa kuphatikizapo ogula nokha, ndi malipoti a kusukulu a chaka chino ndi chatha kuti dokotala aone pomwe kutsika kunayambira. Bambo ake abwere nawo ngati angathe, amve okha kuchokera kwa dokotala, zimathandiza kuposa kuti muzikangana kunyumba. Ndipo mupemphe kuti mwanayo apatsidwe mphindi zingapo zolankhula ndi dokotala ali yekha, inu mutatuluka panja, pa zaka 15 pamakhala zina zokhudza tulo, msambo, anzake ndi mapiritsi zomwe sanganene makolo ali pomwepo.